Mwendo wa Amalume Anu a Shadreki

Zaka zoyamba, ku kampu ya ku Chongwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Chongwe, pa kampani ina yokonza misewu imene inatha kalekale. Ndinali nditangofika kuchokera kwathu ku Katete ndi kachikwama kamodzi ndi kalata ya abusa. Anandilemba ntchito yothira girizi ndi kutsuka makina, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkayenda pansi kutsogolo kwa gireda, chimakina chachitali chija chosalaza msewu, kuchotsa miyala ndi zitsa kuti zisathyole mpeni wake. Kapitawo wathu anali a Chirwa, munthu wamfupi wa mawu aakulu, wodziwa msewu kuposa wina aliyense amene ndinagwirapo naye. Tsiku lina dalaivala atagona ndi malungo, a Chirwa anandiloza nati, "Kwera, Sakala. Ukaononga, nizakubweza ku girizi." Sindinatsikenso pa mpando umenewo kwa zaka zambiri, ndipo zonse zimene ndinadziwa pa ntchito ndinazitenga kwa iwo. Ndikunena izi poyamba kuti mukamawerenga zam'tsogolomu musawaone ngati munthu woipa.

Amayi anu ndinakumana nawo tikukonza msewu wa ku Bundabunda. Bambo awo anali atamwalira, choncho amene anandilandira ndi kundifunsa mafunso onse anali mlongo wawo wamkulu, amalume anu a Shadreki. Inu munawadziwa ali kale pa ndodo, koma ine ndinawapeza ali munthu wamtali, wolima ndi ng'ombe zinayi, woyenda pansi kuchoka kumudzi mpaka ku boma n'kubwerera tsiku lomwelo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Imwe ba kum'mawa mumakamba maningi. Ine nifuna chabe munthu amene akakamba chinthu, ni chamene icho." Ndinawalonjeza kuti ndine munthu wotero, osati wongolankhula zambiri. Tinakhala paubwenzi woposa chilamu. Ndikapita kumudzi tinkakhala pansi pa nkhokwe yawo mpaka munkoyo, chakumwa chonga thobwa chija, utatha m'chigubu.

Munakula mukumva kuti mwendo wawo unapita pa ngozi ya pa mpikisano wa galimoto. Zimenezo n'zoona, koma si zonse. Ndapuma ntchito tsopano, maso ayamba kufooka, ndipo ndaona kuti ndilembe zotsalazo ndisanalephere kugwira cholembera.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, ku mafamu a ku Chalimbana

Chaka chimenecho anatisamutsira ku Chalimbana kukasamala misewu ya m'mafamu. Kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba mpikisano wa galimoto za pa fumbi. Eni ake anali kalabu ina ya ku Lusaka, ndipo ankabwera nyengo yachilimwe, chimanga chitachoka m'minda. Mpikisanowo unali wa masiku awiri, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kudutsa m'mafamu, m'madambo ndi m'mapiri. Galimoto sizinkanyamuka pamodzi. Ankazitulutsa imodziimodzi, kusiya mphindi zingapo pakati, ndipo wopambana sanali wothamanga kwambiri yekha koma amene galimoto yake yapirira mpaka pamapeto. Zambiri zinkafera m'njira. Ife tinkasalaza msewu mlungu wonse usanafike mpikisano, ndipo popeza a Chirwa ankakonda zimenezi ngati mpira, anatilembetsa tonse kuti pa tsikulo tikhale mamashalo, anthu oyang'anira oonerera. Aliyense ankapatsidwa chovala chonyezimira, wezulo, tepi yofiira yotchingira malo oletsedwa, ndi wailesi ya m'manja. Galimoto yoyamba isananyamuke, woyang'anira chigawo ankaitana malo alionse pa wailesi, ndipo mashalo aliyense ankayankha ngati pamalo pake pali bwino. Mmodzi yekha akakana, galimoto sizinkanyamuka.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali Mayi Lungu, mphunzitsi wa pa sukulu ina ya pafamu, amene anali atagwira umashalo kwa zaka zambiri. Anali mayi wonenepa, wosathamanga, woyenda ndi ambulera yakuda. Tsiku langa loyamba anandiimika pakona ina nandifunsa kuti, "Ba Sakala, galimoto ikakana kukhota apa, izayenda kuti?" Ndinaloza kutsogolo, kunja kwa kona. "Ndiye apo pasakhale munthu, ngakhale akhale mbusa wa tchalitchi chanu," anatero. Tsiku lonselo ndinamva akubwereza zinthu zomwezomwezo kwa aliyense wobwera koyamba, mosatopa. Munthu aime pamalo okwera, mkati mwa kona kapena asanafike pakona, osati kunja kwake, ndiponso osati kutsogolo kwa pamene galimoto imadumpha, chifukwa ikakhala m'mwamba ilibe mabuleki. Aime chilili, asakhale pansi kapena pampando, chifukwa wokhala pansi amachedwa kuthawa. Ayang'ane kumbuyo kwake aone kothawira, pasakhale waya kapena dzenje. Asafulatire msewu. Galimoto ikadutsa asalowe mumsewu kukaona kumene yapita, chifukwa m'fumbi lomwelo mukhoza kukhala ina imene yaipeza. Ikagubuduzika asathamangireko mpaka mashalo atanena. Mwana agwiridwe dzanja, galu asiyidwe kunyumba, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zitsekeredwe m'khola kuyambira m'mawa. Msewu sutseguka mpaka itadutsa galimoto yomaliza ya eni mpikisano, imene imabwera pang'onopang'ono ikuliza belu.

Koma chimene ankalimbikira kwambiri chinali chipewa ndi madzi. Poyamba ndinkaona ngati n'zachibwana poyerekeza ndi zinazo. Iwo anati, "Mpikisano uyu ni wautali. Munthu amabwera mamawa, amvera zonse, aima pabwino. Ikafika twelofu dzuwa lamuotcha, galimoto zachedwa, ayamba kusakira mthunzi. Manje mthunzi sudziwa kuti kona ili kuti. Anthu sapwetekeka chifukwa ni opusa, ba Sakala. Apwetekeka chifukwa alema." Kuyambira pamenepo ndinkauza aliyense wofuna kukaonera kuti afike msanga misewu isanatsekedwe, atenge chipewa chachikulu, botolo la madzi, chakudya chake, ndi kansalu kotseka pamphuno chifukwa cha fumbi. Nanunso mukadzafuna kupita ndi adzukulu anga, sindikukuletsani. Ndi chinthu chokoma kuona. Koma muchite zimenezi, ndipo mashalo akakuuzani kuti pamalo pali bwino inu mukuona kuti si pabwino, khulupirirani maso anu.

Chaka cha dizilo wosowa

Panapita zaka zinayi ndikugwira umashalo popanda vuto. Chaka chachinayicho ndinaimitsa mpikisano kamodzi. Ng'ombe za munthu wina zinali zitathyola khola n'kuima m'mbali mwa msewu, ndipo ndinakana kuyankha kuti pali bwino mpaka titazithamangitsa. Zinatenga nthawi, ndondomeko ya tsikulo inasokonekera, ndipo chigawo china chinafafanizidwa. A Chirwa, amene pa nthawiyo anali atapatsidwa udindo woyang'anira chigawo chathu chonse, anachita manyazi pamaso pa anthu a ku Lusaka. Lolemba lake anandiitanira kuseri kwa shedi. "Sakala, ng'ombe zitatu chabe waimitsira mpikisano wonse? Uja wailesi si wa kukambirapo mantha yako. Anthu aja ndiye amatipasa ntchito ya misewu ya mumafamu." Sanandilalatire pagulu, koma kwa miyezi iwiri sanaseke nane. Kwa munthu amene anandikweza pa gireda, zimenezo zinandipweteka kuposa kulalatiridwa.

Chaka chotsatira dizilo anasowa. Tinkakhala mlungu wathunthu gireda itaima, ife tikusewera nsolo pansi pa shedi. Mpeni wa gireda unali utatha, watsopano osabwera, moti tinkautembenuza n'kuotcherera zidutswa. Anthu ena anawachotsa ntchito. Pa nthawi yomweyo kunamveka kuti kampani ikufuna kapitawo wachiwiri, ndipo a Chirwa anandiuza kuti apereka dzina langa. Inu Tisa munali mutangoyamba sukulu, Mabvuto ali kumbuyo kwanu, ndipo amayi anu anali ndi pakati pa Chikondi. Udindowo ndinkaufuna kwambiri.

Mpikisano utayandikira tinapatsidwa dizilo wa masiku awiri m'malo mwa mlungu. Tinasalaza malo oipitsitsa okha. Malo amene anandipatsa kuti ndiyang'anire, a nambala seveni, anali pamene msewu umatsika phiri molunjika, kudutsa pa kalavati, kamlatho kodutsa madzi pansi, kenako n'kukhota mwadzidzidzi kumanzere. Mkati mwa konayo munali chulu chachikulu chopanda mtengo. Kunja kwake, molunjika kumene galimoto yokana kukhota ikanapita, kunali mtengo wa mpundu wa mthunzi wabwino. Patsogolo pa kalavati mvula inali itasiya kamgula kopingasa msewu. Ndinapempha dizilo wa ola limodzi kuti ndikakwirire. A Chirwa anati watha, ndipo sananame. Tinathiramo dothi ndi mafosholo n'kupondaponda ndi mapazi.

Mlungu womwewo ndinapita ku Bundabunda kukasiya feteleza wa apongozi, ndipo ndinawapeza amalume anu akukonza goli. Anali asanaonepo mpikisano. Ndine ndinawakakamiza. "Ba mulamu, chaka chino mubwere mukaone. Muzaima pamalo panga, nizakusungani ine." Anaseka nati galimoto amaziona tsiku lililonse pamsewu waukulu. Ndinati izi n'zina. Pamapeto pake anavomera, makamaka pofuna kundisangalatsa.

Loweruka lija

Anafika m'mamawa pa njinga, atamangirira chigubu cha munkoyo ndi kampando kawo kamatabwa. Chipewa anali ataiwala, ndipo ine, amene ndinkalalikira za chipewa kwa anthu achilendo, sindinawakumbutse mlamu wanga. Ndinawakweza pachulu ndi kuwauza zonse zimene Mayi Lungu anandiphunzitsa. Ndinawalozera mpundu uja nditauzunguliza tepi yofiira, ndinati, "Paja ni pa imfa. Musayendeko olo anthu akuitaneni." Anagwedeza mutu nati amva.

Pamalopo tinayenera kukhala mamashalo anayi, koma chifukwa cha kuchotsedwa ntchito kwa anzathu ndinali ndekha. Mayi Lungu anali pa nambala faifi, kutali. Tepi nayo inali yochepa, yongokwana kuzungulira mtengo kamodzi. M'mawa zonse zinayenda bwino. Galimoto zinadutsa ulendo woyamba, anthu ali pachulu, ndipo ndinawaona amalume anu akuseka ngati mwana, fumbi lili mbuu kumaso. Koma galimoto iliyonse inkakumba dothi lija tinathira, ndipo pofika masana kamgula kanali katatseguka.

Ulendo wachiwiri unachedwa kwambiri chifukwa galimoto ina inali itatseka msewu kwina. Dzuwa linafika pamutu. Anthu anayamba kutsika pachulu mmodzimmodzi, kudutsa msewu, kukakhala pansi pa mpundu. Ndinaliza wezulo, ndinawabweza. Ndikabweza a mbali iyi, a mbali inayo alowa. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe anayala malonda awo pomwepo, ndipo tepi inapondedwa n'kuduka. Mnyamata wina woledzera anandifunsa ngati mtengowo ndinaubzala ndine. Nditatembenuka ndinapeza amalume anu nawonso ali pamthunzi, atakhala pa kampando kawo, akupukuta thukuta. Anandiitana nanditambasulira kapu ya munkoyo. Ndinapita, ndinamwa, ndinawauza kuti, "Ba mulamu, bwererani pachulu." Anati, "Nizabwerera zikayamba. Mutu wanipweteka na dzuwa."

Ndili chiimire pomwepo, kapu ili m'manja, wailesi inalira. Anali a Chirwa, akuitana malo alionse motsatana, mawu awo ali othamanga. Wani anayankha kuti pali bwino. Thuu, firii, mpaka sikisi, onse bwino. Kenako anati, "Nambala seveni, Sakala, pali bwanji? Tachedwa kale na ola, alendo bali pano bayembekeza."

Ndinayang'ana pansi pa mtengo. Panali anthu osachepera makumi atatu, ambiri atakhala pansi. Ndinkadziwa za kamgula kaja. Ndinkadziwa zimene ndinayenera kunena, ndipo anali mawu ochepa: imani, anthu ali kunja kwa kona. Ndinakumbukira kuseri kwa shedi ndi miyezi iwiri ija. Ndinaganiza za ukapitawo. Ndinadziuza kuti kuchokera ponyamukira mpaka pano galimoto imatenga mphindi khumi, ndipo m'mphindi khumi ndikhala nditawachotsa onse. Ndinadina wailesi ndi kunena kuti, "Nambala seveni pali bwino. Zitumizeni."

Ndinayesadi kuwachotsa. Ndinayamba ndi amayi amalonda, amene anali kutsogolo, ndi ana amene anali pafupi ndi msewu. Ena anamvera nawoloka. Ambiri anangosuntha pang'ono. Kulira kwa galimoto yoyamba kutamveka paphiri sikunali kothekanso kuwolotsa munthu, ndipo ndinathamangira pachulu. Pamenepo ndikanathabe kuitana pa wailesi kuti aimitse zotsalazo. Yoyamba inadumpha kamgula n'kukhota bwinobwino, anthu anakuwa mokondwa, ndipo mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatunso. Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka.

Yachinayi inali yoyera. Inamenya kamgula ndi tayala lakumanja, ndinamva chitsulo chikuduka, ndipo sinakhote konse. Inapita molunjika kumpundu ikukwekwereza mphuno pansi. Amene anali chilili anabalalika. Fumbi litachepa ndinaona galimoto itatsamira tsinde la mtengo, anthu awiri a m'katimo akutuluka okha, mayi wina atagwira phewa akulira, ndipo amalume anu ali chagada, mwendo wawo wakumanzere uli pakati pa galimoto ndi muzu waukulu. Kampando kanali zidutswa. Sanakuwe. Anangondiyang'ana nditagwada pambali pawo, nati, "Mulamu, njinga yanga musaisiye kuno." Apo ndi pamene ndinaitana pa wailesi kuti aimitse mpikisano. Tinanyamula galimotoyo ndi manja, amuna khumi ndi awiri, ndipo ndinamanga mwendo ndi chovala changa chonyezimira mpaka ambulansi itafika. Kuchipatala ku Lusaka anaudula pamwamba pa bondo.

Zaka zotsatira

Eni mpikisano anatiitana kuti tifotokoze. Ndinanena kuti tepi ndinamanga, anthu ndinawachenjeza kangapo, ndipo anaiduladula okha. Zonsezo zinali zoona. Palibe anandifunsa kuti pamene ndinkayankha wailesi anthuwo anali kuti, ndipo ine sindinanene. Analemba kuti oonerera sanamvere malangizo. Titatuluka, a Chirwa anandigwira paphewa nati, "Si mlandu wako, Sakala." Sindidziwa ngati ankadziwa. Sitinakambiranepo mpaka anamwalira. Patapita miyezi itatu ndinakhala kapitawo.

Amalume anu anakhala m'chipatala nthawi yaitali, kenako anadzakhala kwathu miyezi inayi akuphunzira kuyenda ndi ndodo. Tisa mukukumbukira, chifukwa munawapatsa chipinda chanu. Atabwerera kumudzi anapeza nyengo yolima yadutsa. Munthu wa mwendo umodzi sangatsate pulawo. Ng'ombe ziwiri anagulitsa, zina ziwiri anabwereketsa kwa achibale mpaka zinatha. Mwana wawo wamkulu anasiya sukulu kuti azilima. Iwo anaphunzira kukonza njinga ndi kusoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi chigayo, ndipo ndi mmene inu munawadziwira.

Ine ndinkatumiza feteleza chaka chilichonse, ndinawagulira zipangizo zokonzera njinga, ndinawafolerera nyumba ndi malata. Koma kupita kukakhala nawo pansi pa nkhokwe monga kale ndinasiya. Ndinkafika, kutsitsa katundu, kupereka moni, n'kunena kuti ntchito ikundidikira. Amayi anu ankandiyamikira kwa anzawo a kutchalitchi, amvekere mwamuna wanga amasamala mlongo wanga ngati m'bale wake weniweni. Akatero ndinkatuluka panja. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, koma nthawi zonse panali chifukwa chodikirira: ali ndi mwana wakhanda, ali ndi maliro, akudwala.

Umashalo sindinasiye, ngakhale amayi anu anandipempha. Mpikisano usanafike ndinkayenda m'matchalitchi ndi m'masukulu a m'mbali mwa msewu kuuza anthu poima ndi zotenga, ndipo ndinkanyamula zipewa zakale m'thumba kugawira oiwala. Pa zaka zotsatirazo ndinaimitsa mpikisano kasanu. Anyamata a ku Lusaka anandipatsa dzina loti a Imani. Nditaimitsa kachitatu, bwana wina watsopano anakwiya kwambiri, ndipo mwezi wotsatira ndinapezeka ndasamutsidwira ku kampu ya kutali kunjira ya ku Luangwa, kumene ndinakhala zaka zitatu ndikubwera kunyumba kamodzi pamwezi. Pamenepo ndinaona kukula kwa chimene ndinkachiopa tsiku lija: kukalipiridwa ndi kusamutsidwa basi. Ndinapirira mosavuta. Mayi Lungu atapuma anandisiyira wezulo yawo nanena pamaso pa anthu kuti sanaphunzitsepo mashalo wokhulupirika ngati ine. Ndinailandira.

Chaka chatha, mwezi wokolola

Amayi anu anatisiya asakudziwa nkhani imeneyi. Pa maliro munawaona amalume anu atakhala pafupi nane masiku onse atatu, osachoka. Chaka chitatha, nditachotsa zovala zawo m'nyumba, ndinakwera minibasi mpaka pa siteji, n'kuyenda pansi kukafika ku Bundabunda. Sindinanyamule kanthu, ndipo iwo anaona zimenezo. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga m'dengu, tsitsi lonse litayera. Anauza mdzukulu wawo kuti andibweretsere mpando, kenako anamutuma kuchigayo.

Tinakamba za mvula ndi za mitengo ya chimanga. Kenako ndinati, "Ba mulamu, nabwera na nkhani ya tsiku lija." Ndinawauza zonse monga ndalembera pano, za ng'ombe, za ukapitawo, za kamgula, ndi mawu amene ndinayankha pa wailesi anthu ali pansi pa mtengo. Ndinalankhula nditayang'ana pansi. Iwo sanasiye kutong'ola chimanga mpaka nditamaliza.

"Ninamvera," anatero. "Munali na kapu yanga kumanja. Wailesi inali apa, ine apa."

Ndinakweza mutu kuwayang'ana, iwo anapitiriza.

"Pamene inalira, nenze nanyamuka kale. Kampando nenze nakagwira kumanja kuti niwoloke, nibwerere pachulu monga munaniuzira. Manje ninamvera imwe mukamba kuti pali bwino. Ninati, aa, ngati mulamu wanga wakamba kuti pali bwino, ndiye pali bwino. Ninakhala pansi futi."

Zaka zonsezo ndinkadziuza kuti mlandu wanga unali wosawachotsa pamthunzi. Sindinkadziwa kuti anali atanyamuka kale ndipo ndine ndinawakhazika pansi. Ndinalira pakhonde pawo monga sindinalirire ngakhale pa maliro a amayi anu. Sananditonthoze ndipo sanandidzudzule. Anadikira.

Nditatha ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere kwa eni mpikisano, kapena kwa ine.

"Poyamba nenze na ukali," anatero. "Zaka zitatu, kapena zinayi. Feteleza wanu nenze kufuna kuutaya mu mtsinje, koma bana benze na njala. Ninayembekeza kuti muzabwera mukambe. Munabwera na malata."

"Nanga alongo anu? Simunawauze?"

Anatenga chitsononkho china, nachiyang'ana, nachiponya pamulu.

"Mlongo wanga enze kale na mlongo wa mwendo umodzi," anatero. "Nikanamuuza, sembe anasala na mwamuna wa bwanji? Ninamusiyira imwe."

Ndinagona komweko masiku awiri, ndipo tinamaliza chimanga chonse cha m'nkhokwe. Pondiperekeza anafika mpaka pa chigayo ndi ndodo zawo. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Anangoti, "Bana banu muwauze mweka. Ine sinizakamba."

Ndakuuzani. Amalume anu akali moyo, ndipo msewu wa ku Bundabunda mukuudziwa.